Ndalama Yofooka Payokha Simanga Fakitale

Nthawi zonse kwacha ikagwetsedwa timauzidwa kuti tipirire, ati ndalama yotsika mphamvu imakopa makampani akunja. Ine ndinatsatira nkhani ya ku Japan kuti ndione ngati mawuwa ali oona.

Mu 2021 dola imodzi inkagula ma yen pafupifupi 110. Mu 2024 inafika pogula oposa 160. Mu February chaka chomwecho kampani ya ku Taiwan ya TSMC inatsegula ku Kumamoto fakitale ya ma semiconductor, tizipangizo tating'onoting'ono tomwe ndi ubongo wa foni, kompyuta ndi galimoto. N'zoona kuti kwa wobwera ndi madola, malo ndi malipiro a antchito zinatchipa.

Koma tisanamizane. TSMC inalengeza za fakitaleyi mu 2021, yen isanagwe chonchi. Boma la Japan linalonjeza thandizo lofika ma yen 476 biliyoni, ndipo Sony ndi Denso anaikamo ndalama zawo. Ntchitoyi imadya madzi oyera ambirimbiri, ndipo Kumamoto ili nawo pansi pa nthaka. Imafuna magetsi osaphethira, ndipo chilumba cha Kyushu chili ndi malo opangira magetsi a nyukiliya. Amisiri nawonso alipo, poti cha m'ma 1988 Japan inkapanga pafupifupi theka la tizipangizoti pa dziko lonse.

Komanso walira mvula walira matope. Yen yofookayo inakweza mtengo wa makina ogula kunja, ndipo banja wamba linalira ndi mitengo ya mafuta ndi chakudya.

Nanga ife? Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Matope tinawaona pa mtengo wa shuga, feteleza ndi minibasi. Mvula yake ili kuti? Namondwe Ana ataononga Kapichira mu 2022, tinakhala mu mdima kwa miyezi. Ndani angabweretse makina ake pamalo otere?

Sindikunena kuti mawa timange fakitale yonga ya TSMC ku Kanengo, ayi. Ndikunena kuti ngakhale fakitale yofinya mafuta a mtedza imafuna magetsi, madzi, msewu ndi amisiri. Inu amene munabwerera kuchokera kunja mukudziwa zimenezi.

Choncho nduna ikadzatiuzanso kuti timange malamba, tidzaifunse kuti: pa zinthu zinayizi, mwakonzapo chiti?