Shuga wa ana sadza chifukwa cha tiyi wotsekemera

Ambiri tikamva za matenda a shuga timaganiza za akuluakulu onenepa a m'tauni. Koma pali mtundu wina wa shuga umene umagwira ngakhale mwana woonda wa kwa Nsabwe ku Thyolo, yemwe makolo ake amathyola tiyi.

Shuga ameneyu, yemwe madokotala amati Type 1, amayamba asilikali a m'thupi akasokonekera n'kuyamba kuononga tizigawo ta m'kachiwalo ka m'mimba kotchedwa pancreas, timene timapanga insulin. Insulin akasowa, shuga amadzadza m'magazi.

Chimawasokoneza asilikaliwa n'chiyani? Akatswiri akuganizira kwambiri mavairasi a gulu la enterovirus, abale ake a kachirombo ka poliyo kamene kanapezeka ku Lilongwe mu 2022. Mu 2019, kafukufuku wa TEDDY, yemwe wakhala akutsatira ana ku America, Finland, Germany ndi Sweden, anapeza kuti mwa ana obadwa ndi chiopsezo cha matendawa, amene kachiromboka kanakhalitsa m'matumbo mwawo ndi amene chitetezo chawo chinkatembenukira pancreas kawirikawiri. Zikuoneka kuti pothamangitsa mdani wobisala m'nyumba, asilikali amatentha ndi nyumba yomwe. Mu 2023, madokotala a ku Norway anaonanso kuti mankhwala olimbana ndi mavairasi anathandiza ana ongopezeka kumene ndi shuga kupitiriza kupanga insulin pang'ono.

Choncho mwana wodwala shuga sanalodzedwe, ndipo mayi ake sanalakwe pomuthirira shuga m'phala.

Makolo, mwana akamamva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuyambiranso kukodza pamphasa ndi kuonda pamene akudya bwino, thamangirani naye kuchipatala. Pemphani kuti amuyeze shuga, osati malungo okha. Kuchedwa kwa asing'anga kumapha, pakuti mwana wotere akhoza kukomoka m'masiku ochepa.

Insulin anayamba kupulumutsa anthu mu 1922 ku Toronto. N'zamanyazi kuti patatha zaka zoposa 100, mwana wa ku Thekerani angamwalire chifukwa chosowa mankhwalawa pafupi. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti zipatala zing'onozing'ono zikhale ndi zida zoyezera shuga, ndipo chithandizo cha PEN-Plus, chimene kuno ku Malawi chinayambira ku Neno, chifike m'maboma onse. Eni minda ya tiyi nawonso aikepo dzanja kudzera m'zipatala zawo, ndipo aonetsetse kuti ogwira ntchito awo ali ndi madzi aukhondo ndi zimbudzi, pakuti mavairasiwa amafala kudzera m'chimbudzi ndi m'manja osasamba.

Mutu umodzi susenza denga.