Chibakera chosafika pachibwano

Ambiri a ife amene tinkapanikizana pa mabenchi a nyumba za vidiyo timaidziwa nkhani ya akanema a nkhonya a ku Hong Kong: mphunzitsi waphedwa, wophunzira walumbira kulipsira. Mu Fist of Fury, kanema wa 1972, Bruce Lee ndi Chen Zhen, mnyamata wa ku Shanghai amene atulukira kuti mphunzitsi wake, Huo Yuanjia, anamuthirira poizoni. Asaka adaniwo ndi kuwapha mmodzimmodzi. Koma kumapeto kulibe nthungululu. Anzake ambiri apasukulu aphedwa pobwezera, ndipo iye mwini alumphira mfuti zimene zikumudikira pakhomo, chithunzi n'kuima pomwepo.

Makolo ena amaletseratu akanema oterewa, ndipo nkhawa yawo timaimvetsa, pakuti mwana sachedwa kuyeserera pa mng'ono wake. Ife tikuti ndi bwino kukhala naye pansi mwanayo ndi kumuonetsa zimene maso ake sanaone.

Ndewu ya m'kanema imakonzedwa ngati gule. Wokonza ndewu amagawira aliyense mayendedwe ake, ndipo amabwereza kambirimbiri asanajambule. Kawirikawiri chibakera chimangodutsa pafupi ndi chibwano, kamera ataiika poti mpatawo usaoneke, ndipo phokoso la kumenyako ankachita kuliwonjezera pambuyo. Womenyedwayo ndiye ali ndi ntchito yaikulu: kutembenuza mutu ndi kugwa pa nthawi yake yeniyeni. Ngozi zinkachitika ndithu, komabe anthu awiri amene tikuwaona ngati adani amakhala atapatsana matupi awo mokhulupirirana. Mkwiyo ndi wongosewera, pamene kudziletsa, kumene Paulo akutchula pakati pa zipatso za Mzimu m'kalata yake kwa Agalatiya, n'kwenikweni.

Lau Kar-leung, katswiri wa luso la Hung Gar amene anamwalira mu 2013, ankazidziwa izi kuposa ambiri. Mu The 36th Chamber of Shaolin, wa 1978, San Te (amene akumusewera ndi Gordon Liu) athawira kwa amonke mtima uli wodzaza ndi kulipsira. Koma gawo lalikulu la kanemayo ndi maphunziro okhaokha: kunyamula zidebe za madzi mikono yotambasula, kuimba belu ndi nsungwi yolemera kunsonga, chaka ndi chaka. Adani ake agonja inde, koma chimene akusiya pambuyo ndi chipinda chophunzitsiramo anthu wamba.

Chaka chomwecho Lau anatulutsanso Heroes of the East. Mmenemo mnyamata wa ku China alimbana ndi akatswiri a ku Japan, aliyense ndi chida chake kapena luso lake, ndipo ndewu zake n'zochititsa kaso kuposa zambiri zokhetsa mwazi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene afa. Mkangano unakula chifukwa mnyamatayo sanalandire lupanga limene mdani wogonja anamupatsa mwaulemu, posadziwa mwambo wake, pomaliza alilandira.