Lesitilanti ya Amwenye ibwere kuno ku Chiringa

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu yokondedwayi kuti ndilankhulepo pa nkhani imene yatigawanitsa ife amalonda kuno ku Chiringa. Zamveka kuti banja lina la Amwenye, lomwe lili ndi lesitilanti ku Limbe, likuganiza zodzatsegula malo ena odyera pamsika pathu pano. Anzanga ena akuti tikane chifukwa atilanda makasitomala. Ine ndikuti abwere.

Achinyamata adziwe kuti Amwenye si achilendo kumidzi. Anayamba kufika m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ambiri kuchokera ku Gujarat, ndipo makolo athu ankagula nsalu, mchere, singano ndi palafini m'masitolo awo. Mu 1970 boma la Kamuzu Banda linawalamula kuti achoke kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atawaunjika m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Ena anangomanga katundu ulendo wa ku Britain. Masitolo aja anatsala m'manja mwathu, koma ambiri sanachedwe kutsekedwa chifukwa chosowa mpamba. Zimenezo zinapita ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Malamulo aakulu a dziko lino omwe tinalandira mu 1994 amalola munthu kukhala paliponse m'Malawi muno ndipo amaletsa kusankhana mitundu. Nanga mwana wobadwira ku Limbe, amene agogo ake anagona m'dothi lomwe lino, tim'kana ndi pakamwa pati?

Banja limeneli ndimalidziwa pang'ono chifukwa ndimakagulitsako nandolo ndi anyezi. Nawonso m'nyumba mwawo muli kukokanakokana. Bambo wamkulu akufuna mphika ukhale monga ankaphikira malemu amayi awo: dalo, chapati, samusa ndi mpunga wa biriyani, basi. Zokometsera amasakaniza ndi mayi a m'nyumbamo, chitseko chotseka. Mwana wawo akuti makasitomala akale aja ali ku Leicester, ndipo amene amalowa masiku ano ndi makalaliki ndi madalaivala a minibasi, ofuna nsima, tchipisi ndi nkhuku. Akufunanso kanema woonetsa mpira, ngakhale mowa umene, ndipo maganizo obwera kuno ndi ake.

Pa nkhani ya mowa ndili mbali ya bambowo. Ndi Asilamu, ndipo malo omwera tili nawo kale okwanira, mwinanso opitirira. Pa nkhani ya nsima ku Limbe mwanayo akunena zoona, pakuti munthu sungaphikire anthu amene anasamuka kalekale. Koma kuno ku Chiringa zinthu n'zosiyana. Nsima ya matemba a ku Chilwa amayi athu amaiphika bwino kuposa mmene Mmwenye aliyense angaphikire, ndipo ndi imene ikulipira fizi ya ana. Akabwera ndi nsima, anzanga amene akudandaulawa adzakhala kuti akunena zoona. Tikufuna mphika wa bambo wokalamba uja, womwe mwana wawo akuuona ngati wachikale.

Ndikutero chifukwa cha nandolo. Ife a ku Phalombe ndi Mulanje timalima nandolo wambiri, ndipo wochuluka amapita ku India komwe amam'chotsa makoko, kumugawa pakati n'kumuphika dalo. Mu 2017 boma la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lawo, ndipo mtengo kuno unagweratu pansi. Amene tinali ndi matumba m'nyumba tikukumbuka mmene anankafumbwe anadyerera pamene mavenda ankatchula mitengo yochititsa manyazi. Mu 2021 maboma awiriwa anasainirana pangano loti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Zabwino ndithu, koma msika umene ungatsekedwe ndi munthu mmodzi wokhala mu ofesi ku New Delhi si msika wogonera tulo.

Chodabwitsa n'chakuti dalo ameneyu si chakudya chachilendo kwa ife. Ndi chipere chathu chomwechi, kungoti iwo amathiramo kale, adyo, tsabola ndi mafuta mwaluso lawo. Mbale ya dalo ndi chapati siingadule ngati ya nyama. Anthu akazolowera kudya zimenezi pa tsiku la msika, mawa amayi athu ayamba kuphika okha, ndipo nandolo wina azithera konkuno. Wokayika afunse kuti samusa amene ana amagulitsa m'madepoti onse a basi anachokera kuti. Lesitilanti imodzi siingamalize nandolo wa boma lonse, zimenezo ndikudziwa, komabe mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Tsono pali mwambo wina umene ndikupempha abale athu Amwenye kuti ausiye ku Limbe konko. M'malo ambiri otere Mmalawi amasenda anyezi ndi kutsuka mapoto zaka makumi awiri, koma osauzidwa chimene chili m'botolo la zokometsera, osakhudzako kabati ya ndalama, ndipo malipiro ake osafika pakati pa mwezi. Chakudya chake amadyera kuseri, chili chiimire. Khalidwe lodzipatulali ndi limene linachititsa kuti powathamangitsa m'zaka za m'ma 1970 anthu ambiri asawalilire. Akafika kuno aphunzitse ophika athu ntchito yonse, alipire motsata malamulo a boma, agule nandolo ndi mpunga kwa alimi pa sikelo yoona, ndipo maliro akagwa pamudzi tiwaone nawo pasiwa. Chichewa amachidziwa kale. Akawonjezerako moni wa Chilomwe sipadzakhala wowatchula alendo.

Ndikupempha mafumu athu ndi akuluakulu a khonsolo ya Phalombe kuti banjali likadzafika kudzapempha malo, aitanitse msonkhano ndi komiti ya pamsika, amayi a malesitilanti ang'onoang'ono akhalepo, ndipo mfundo zimenezi zilembedwe papepala asanaike njerwa yoyamba.

Mlimi wa nandolo,
Chiringa, Phalombe.