Khadi Likati "Black Tie", Mnyamata Wachisilamu Avale Chiyani?



Masiku khumi omaliza a Ramadhan akamayandikira, matelala sagona. Aliyense akufuna kanzu yake ituluke Eid isanakwane. Nthawi yomweyinso makadi amayamba kufika m'makomo: futari ya kuhotela yokonzedwa ndi akuntchito, nikah zomwe zimadikira mwezi wa Shawwal, phwando la omaliza maphunziro kukoleji. M'munsi mwa khadi mumakhala timawu tiwiri ta Chingerezi tomwe ambiri timangotilumpha. Nkhani yanga lero ili pa timawu timeneti.

Chaka chatha mwana wa achemwali anga anaitanidwa ku chakudya chamadzulo komwe ophunzira amakakumana ndi mabwana olemba anthu ntchito. Khadi linati black tie. Iye anamva monga mawuwo akumvekera: anabwereka taye yakuda yaitali, naimanga pa malaya amikono yaifupi, pansi jinzi. Pakhomo sanamubweze. Koma usiku wonse anakhala pakona, osapatsa moni ngakhale mmodzi mwa anthu omwe anawapitira. Atabwera anangoti, "Amalume, ndimaona ngati aliyense akuyang'ana ine." Ndinamva chisoni, komanso manyazi. Mwanayu tinamuphunzitsa wudhu ndi Qur'an, koma panalibe mmodzi mwa ife amene anamuuzapo tanthauzo la mawu apakhadi.

Black tie ndi dzina la chovala chonse, ndipo ndi chamadzulo: jekete yakuda yokhala ndi kolala yonyezimira, thalauza lakuda la mzere wonyezimira m'mbali, malaya oyera amikono yaitali, kataye kakuda kooneka ngati gulugufe, ndi nsapato zakuda zopolishidwa. Chinayambira ku England m'zaka za m'ma 1860, pomwe mwana wa Mfumukazi Victoria, yemwe anadzakhala Edward VII, anasoketsa jekete yaifupi yodyera madzulo kwa matelala a Henry Poole ku Savile Row. Dzina loti tuxedo linachokera ku Tuxedo Park, dera la ku New York komwe jeketeyi inatchuka cha m'ma 1886. Kwathu kuno si ambiri ali nayo, ndipo suti yakuda yosita bwino, malaya oyera ndi kataye kaja zimakulowetsani popanda wokuyang'anani kawiri. White tie, ya jekete ya mchira, musavutike nayo. N'kutheka moyo wanu wonse simudzalandira khadi lotero. Khadi likati lounge suit kapena formal, akunena suti wamba yamtundu wodera ndi taye yaitali. Smart casual ndi malaya akolala, thalauza lansalu ndi nsapato zotseka, taye osafunika. Jezi ya mpira siilowamo. Ndipo jekete ya mabatani awiri timamanga lapamwamba lokha.

Ndikudziwa pali abale omwe afika apa akupukusa mutu, amvekere, zonsezi n'kutsanzira anthu osakhala Asilamu. Ndimalemekeza mantha awowo, koma sindigwirizana nawo. Mu Sahih al-Bukhari ndi Sahih Muslim muli nkhani ya Mughira bin Shu'ba, Allah asangalale naye, yemwe anathirira madzi Mtumiki, swalla Allahu alayhi wasallam, ali paulendo. Mtumiki anali atavala jubba yochokera ku Sham, dziko lomwe nthawi imeneyo linali m'manja mwa Aroma, ndipo mikono yake inali yothina moti anachita kutulutsira manja kunsi kuti asambitse. Chovala cha dziko lina sanachikane. Choletsedwa ndi kuvala chizindikiro cha chipembedzo china. Mphekesera yoti taye ndi mtanda ilibe maziko: inachokera ku kansalu komwe asilikali a ku Croatia ankamanga m'khosi m'zaka za m'ma 1600, Afalansa n'kukatengera. Malamulo a kavalidwe otere ndi mwambo wa anthu, ndipo anthu amakangana nawo mpaka lero. Mu 2023 nyumba ya malamulo ya ku Kenya inaletsa aphungu kulowa atavala suti ya Kaunda, chovala chomwe mtsogoleri wa Zambia anayenda nacho dziko lonse lapansi.

Malire a chipembedzo alipo ndithu, kungoti ali pamalo pomwe ambiri sitiyang'ana. Silika weniweni ndi golide n'zoletsedwa kwa mwamuna, ndipo zinthu ziwirizi ndi zomwe zimabisala m'zovala za phwando. Mataye odula ambiri ndi a silika yekhayekha. Tembenuzani tayeyo muwerenge kachikwangwani kakumbuyo: mukaona "100% silk", bwezani pomwe munaitenga. Zoona, hadith ya Umar, Allah asangalale naye, inalola silika wosapitirira zala zinayi m'lifupi pa chovala, ndipo ma ulama amasiyana maganizo ngati taye ingalowe m'chilolezo chimenechi. M'madhhab a Imam Shafi'i, omwe ambiri kuno timatsatira, nsalu yosakaniza imaloledwa ngati silika sakuposa ulusi winawo pa kulemera. Koma ine sindiona chifukwa cholowera m'mkangano pomwe taye ya poliyesita ili mbwee pakaunjika, yotchipa, ndipo palibe angaisiyanitse ali kutsidya la tebulo. Kunyezimira kokha si umboni: satin ndi kalukidwe ka nsalu, ndipo wambiri wa masiku ano ndi poliyesita. Pa golide, samalani ndi mphete, wotchi ndi timabatani ta pamkono wa malaya. Chomwe amachitcha white gold ndi golide ndithu ngakhale chikuoneka choyera. Mphete ya siliva ilibe vuto. Mtumiki anali nayo.

Vuto lomwe ndimaliona kwambiri ndi la suti zothina zomwe achinyamata akuzikonda. Awrah ya mwamuna ndi kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo. Pa futari ya kuhotela, adhana ya Maghrib ikangomveka, anthu amayala mikeka pakona. Mnyamata wa thalauza lotsika m'chiuno ndi malaya aafupi akangowerama, msana wonse mpaka kumunsi uli pamtunda, ndipo a mzere wakumbuyo akusowa koyang'ana. Apa swala yeniyeniyo ili pachiswe. Langizo langa ndi lophweka: poyesa suti kwa atelala kapena kobwereketsa, chitani ruku ndi sajida pomwepo. Akakusekani asekeni nawo. Suti yomwe simungaswalire nayo si yanu, ngakhale ikukhaleni bwanji pagalasi.

Nanga kanzu? Kanzu yoyera, yosita, ya nsalu yabwino, ndi chisoti ndi jekete yodera pamwamba, ndi chovala chaulemu chomwe abale athu a ku Zanzibar, Mombasa ndi Uganda amapita nacho ku maukwati ndi ku zochitika za boma. Makadi ambiri a akazembe amalemba kuti national dress, ndipo apo kanzu ilowa mosakayika. Khadi likangoti black tie basi, imbani foni mufunse. Mwini phwando nthawi zambiri amavomera, ndipo amakondwa kuti mwamufunsa. Chomwe sindivomereza ndi kutenga kanzu yomwe mwagona nayo pa itikaf, yamakwinya, kolala yakuda ndi thukuta, pansi patapata, n'kumati ndavala Sunnah. Surah Al-A'raf, ndime 31, imatilamula kudzikongoletsa popita kumzikiti kulikonse, ndipo Mtumiki ankakonda zoyera ndi mafuta onunkhira. Uve tisaupatse dzina la kudzichepetsa.

Foni yomweyo ikuthandizaninso kudziwa ngati patebulo padzakhale mowa. Kuyankha kuitana kwa walima ndi udindo, koma udindowo umagwa ngati pamalopo pali zoletsedwa zomwe simungazichotse. Kuli bwino kudziwa muli kunyumba kusiyana ndi kukazindikira mutakhala kale pampando.

Ndime ija ya Al-A'raf imathera pa kuletsa kuononga chuma, ndipo apa ndilankhule ndi makolo. Taona maukwati omwe khadi limalamula mtundu wa nsalu, anyamata operekeza mkwati n'kukakamizidwa kugula suti zofanana zomwe sadzavalanso. Ena amakatenga katapira, yomwe ndi riba yeniyeni, kuti aoneke bwino pa zithunzi za tsiku limodzi. Inu oitana, musasenzetse alendo anu mtolo umenewu. Inu oitanidwa, suti imodzi ya buluu wodera kapena yotuwa moderako, yogula pakaunjika n'kukaikonzetsa kwa atelala kuti mapewa ndi mikono zikhale bwino, idzakufikitsani ku intavyu, ku nikah ndi ku phwando la kukoleji kwa zaka zambiri.

Mwana wa achemwali anga uja waitanidwanso chaka chino, sabata yachiwiri ya Shawwal. Loweruka lapitali tinapita limodzi kumsika ku Limbe. Tinapeza jekete, ndipo mataye atatu oyamba omwe anasankha tinawabweza titawerenga kumbuyo. Thalauza lili kwa atelala. Akuti tikatenge Eid ikadutsa, chifukwa pakali pano makina onse ali pa makanzu.