Lekani kubisa turbulence kumapeto kwa buku

Pa bolodi, mizere ya mphamvu ya maginito imajambulidwa yosalala, yopindika bwino ngati uta. Koma turbulence, kuvunduka kwa mpweya kapena madzi, amaikankhira ku mutu womaliza, umene semesita imatha tisanaufike. Uku ndi kutinamiza. Mu plasma, mpweya wotentha kwambiri umene umapanga nyenyezi, kuvundukako ndiko kumagwira ntchito yaikulu.

Taonani mpweya umene umazungulira black hole ngati chimbale. Kuti ugweremo uyenera kupereka mphamvu yake yozungulira kwa mpweya wa kunja, ndipo kukhulana wamba kwa tizidutswa take n'kochepa moti sikungathe ntchitoyi. Mu 1973 Shakura ndi Sunyaev anangoika nambala yotchedwa alpha kuti iimire chimene chimaigwira. Mu 1991 Balbus ndi Hawley anaonetsa kuti maginito, ngakhale ofooka, amavundula chimbale chotere, ndipo kuvundukako ndiko kumalola mpweya kugwera mkati. Wophunzira amene waloweza alpha koma sadziwa gwero lake waloweza dzina chabe.

Nkhani ya cosmic rays ndi chimodzimodzi. Tizidutswa timeneti timathamanga pafupifupi pa liwiro la kuwala. Tikanayenda molunjika, tikanatuluka mu Milky Way m'zaka masauzande. Koma timakhalamo zaka mamiliyoni, chifukwa maginito opotanapotana amatibweza uku ndi uko. Mizere yosalala ija singafotokoze zimenezi.

Aphunzitsi ena amati tiyambe ndi zosavuta, masamu a turbulence ndi olemera. N'zoona kuti ndi olemera. Koma ganizo la Kolmogorov la mu 1941, loti mphamvu imatsika kuchoka ku mafunde aakulu kupita ku aang'ono mpaka isanduke kutentha, limakwana pa tsamba limodzi. Ndipo si nthano ya m'mabuku: chombo cha Parker Solar Probe, chimene NASA inachitumiza mu 2018, chinapeza maginito a mu mphepo ya dzuwa akupindika mwadzidzidzi n'kubwereranso.

Sitikupempha kosi yatsopano. Tikupempha sabata imodzi pakati pa semesita, ndi mawu oona pa tsiku loyamba: kuti chithunzi cha pa bolodicho n'chongoyambira. Anzanga, mukaona mizere yosalala ija, kwezani dzanja mufunse chimene chafufutidwa.