Ulemerero wa Cara Black sunafike kumakomboni a Mhangura

MHANGURA, Zimbabwe — Chaka cha 2000 chinagawa dziko la Zimbabwe pawiri, ndipo nkhani ya masewero a tenisi ikuonetsa bwino mmene kugawikanako kunalili. M'mwezi wa September chaka chimenecho, Cara Black, mtsikana wa ku Harare wa zaka 21, anafika mu ndime yomaliza ya mpikisano wa US Open wa amayi osewera awiriawiri, ali ndi mnzake wa ku Russia, Elena Likhovtseva. M'chaka chomwecho mgodi wa kopa wa Mhangura, m'chigawo cha Mashonaland West kumpoto kwa Chinhoyi, unatsekedwa, pomwe m'mafamu ozungulira tauniyi munali mutayamba kale chipwirikiti cha kulanda minda ya azungu.

Ambiri mwa anthu amene anataya ntchito pamgodi ndi m'mafamumo anali ana ndi zidzukulu za matchona ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mbendera imene Black ananyamula ku New York inali yawonso, komatu masewero amene anamutchukitsa sanali awo.

Mbiri ya mayiyu njosakayikitsa. Anapambana chikho cha Wimbledon cha amayi awiriawiri katatu: mu 2004 ndi Rennae Stubbs wa ku Australia, kenaka mu 2005 ndi 2007 ndi Liezel Huber. Ndi Huber yemweyo anatenganso Australian Open mu 2007 ndi US Open mu 2008. Anakwera pa nambala wani padziko lonse mu October 2005, ndipo kuphatikiza pamodzi anakhala pampandowo masabata 163. Pofika nthawi yopuma mu 2015 anali atasonkhanitsa zikho 60 za bungwe la WTA, kuphatikizapo cha kumapeto kwa chaka chimene anapambana ku Singapore mu 2014 ali ndi Sania Mirza wa ku India.

Funso nlakuti lusoli linachokera kuti. Silinachokere kusukulu za boma kapena ku ndondomeko ya unduna wa zamasewero. Bambo wake, Don Black, amene naye anasewerapo ku Wimbledon m'zaka za m'ma 1950, anamanga mabwalo a kapinga pamunda wake wa mapeyala ku Harare, naphunzitsa ana ake atatu, Byron, Wayne ndi Cara, kuyambira ali aang'ono. Pakapinga mpira umathamanga ndipo sudumpha kwambiri, choncho wosewera amazolowera kuthamangira kutsogolo nkukaumenya usanagwe pansi. Ili ndilo luso lalikulu pamasewero a awiriawiri, pomwe bwalo limakula kuchoka pa mamita 8.23 kufika pa 10.97 m'lifupi, ndipo mmodzi amaima pafupi ndi ukonde pamene mnzake akuyambitsa mpira. Cara, yemwe ndi wamfupi poyerekeza ndi anzake, sanapitirire nambala 31 posewera yekha, koma pafupi ndi ukonde manja ake anali achangu kuposa a wina aliyense m'nthawi yake.

Tenisi ya dziko lonse inatsamira pabanja limodzili. Byron ndi Wayne ndiwo anagonjetsa Australia ku Mildura mu 1998 pampikisano wa Davis Cup, ndipo Wayne anapambana ndi mlongo wakeyo zikho za French Open mu 2002 ndi Wimbledon mu 2004 pamasewero ophatikiza mwamuna ndi mkazi. Atatuwa atapuma, panalibe gulu la achinyamata lokonzeka kulowa m'malo mwawo. Chipumire Cara, palibe mayi wina wa ku Zimbabwe amene wayandikirako chikho cha umodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu.

Ku Mhangura kulinso mbiri yamasewero, koma ya mpira wamiyendo. Timu ya mgodiwu inatulutsa anyamata a banja la Chieza, ndipo Tendai Chieza anasankhidwa kukhala katswiri wa chaka mu 1970. Izi zikusonyeza kuti luso linalipo pakati pa ana a anthu ogwira ntchito, ndipo linkakula pamene kampani yaika bwalo, mphunzitsi ndi galimoto yoyendera. Mpira umodzi umasangalatsa ana 22, ngakhale utakhala wachikulunga. Tenisi imafuna chomenyera, mipira yosintha pafupipafupi, nsapato ndi bwalo losamalidwa, ndipo m'nthawi ya atsamunda inali ya m'makalabu a azungu. Kwa mtsikana wa kukomboni, amene madzulo ake amathera kuchitsime ndi pamoto, mtunda wake unali wotalika kawiri. Mgodi utatsekedwa, ngakhale chithandizo cha mpira wamiyendocho chinauma.

Pali chopinga china chimene olemba nkhani zamasewero sachitchula kawirikawiri, chomwe ndi mapepala. Wosewera tenisi amakhala paulendo chaka chonse, ndipo chida chake choyamba ndi pasipoti. Lamulo la unzika limene linasinthidwa mu 2001 linalamula aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake kuti akane unzika winawo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu ambiri a m'mafamu ndi m'migodi, obadwira m'dzikolo ndipo ena osaionapo Malawi, anapezeka kuti ndi alendo pazitupa zawo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la SADC, koma ana amene anali ausinkhu woyamba masewero mu 2001 anali atakula kale.

Poyerekeza, Huber, wobadwira ku Durban ku South Africa, analandira unzika wa America mu 2007 ndipo chaka chotsatira anaimira dziko lake latsopanolo ku Olympics ya ku Beijing. Masewero a awiriawiri salabadira malire: mayi wa ku Harare angathe kugwirizana ndi wa ku Russia, Australia kapena India. Ufulu umenewu ndi wa okhawo amene ali ndi chiphaso choyendera komanso ndalama ya ndege.

Ndalamazo nazo sizichuluka monga ambiri amaganizira. Mu 2007, chaka chimene Wimbledon inayamba kupereka mphotho yofanana kwa amuna ndi akazi, wopambana payekha analandira mapaundi 700,000, pamene Black ndi Huber anagawana ndalama yosafika gawo limodzi mwa magawo atatu a imeneyo. Amene amagonja m'ndime zoyamba amavutika kulipira hotela ndi mphunzitsi.

Komabe sikuti khomo nlotsekeka kotheratu kwa mwana wosauka. Takanyi Garanganga, wobadwira ku Mbare ku Harare, anapata mendulo ya golide pamasewero a All-Africa Games ku Maputo mu 2011. Ku Kenya, Angella Okutoyi, amene analeredwa ndi agogo ake movutikira, anapambana chikho cha Wimbledon cha atsikana awiriawiri mu 2022 ali ndi Rose Marie Nijkamp wa ku Netherlands. Onse awiri anakulira mu likulu la dziko lawo, kumene kuli mabwalo ndi aphunzitsi. Mhangura ili pamtunda wa makilomita oposa 180 kuchokera ku Harare.