Anyani amasekana zikundu, ngakhale m'tchalitchi

Anyani amasekana zikundu, anatero akuluakulu. Wokayika apite pamaliro a munthu amene mpingo wakana kumuimbira. Bokosi limatuluka pasiwa mwakachetechete, amayi a mpingo atakhala chapatali osavala yunifolomu, manong'onong'o akuyenda: khadi lake la zopereka linali ndi mipata, kapena anadulidwa kalekale ndipo sanabwerere ku kalasi. Za lamulo lokana kuimbira malirolo akambirane okha a bwalo la mpingo. Chopweteka ndi nkhope za ena mwa onong'onawo. Zimaoneka zokhutira, ngati kuti manyazi a malemuwo atsimikiza kuti iwo ali bwino ndi Mulungu.

Kukhutira kumeneko ndiye kudzikuza kwa munthu wopemphera, ndipo mwini wake sakuona. Taganizirani Mfarisi wa pa Luka 18. Bamboyu sananame. Ankasaladi kudya kawiri pa sabata, pomwe Chilamulo cha Mose chinkafuna tsiku limodzi lokha pa chaka, Tsiku la Chitetezero. Chakhumi ankapereka pa chilichonse. Sanali wachigololo, sanali wolanda za eni. Mpingo uliwonse lero ukanamusankha kukhala mkulu wa mpingo, mwinanso msungichuma. Koma pemphero lake silikanatheka popanda wamsonkho wa m'fanizolo ataima poteropo. Ankafuna munthu woipa pafupi kuti ubwino wake uoneke, ndipo Yesu ananena kuti amene anabwerera kwawo atalungamitsidwa anali wamsonkhoyo.

Choncho Mkhristu wofuna kudziwa za mtima wake asawerenge masiku amene wasala kudya. Amvetsere zimene zimachitika m'kati mwake akamalengeza kutsogolo kuti mtsikana wa m'kwaya waimitsidwa pa Mgonero chifukwa cha mimba. Kodi mtima umagwa, kapena pamakhala kakukoma kena, kofulumizitsa miyendo kuti akauze anzake potuluka? Nanga bwanji dzina la mwamuna wopereka mimbayo nthawi zambiri silimveka? Mtsikana tchimo lake limaonekera pamimba. Mwamunayo Lamulungu lotsatira ali pabenchi yake, jekete ili pathupi.

Aonenso machimo amene amawada kwambiri. Kawirikawiri amakhala omwe iyeyo samuyesa n'komwe: mowa, fodya, ndolo, tsitsi loikirira, thalauza la amayi. Lamulo la boma loletsa amayi kuvala thalauza linabwera mu 1973 n'kuchotsedwa mu 1993, koma m'mitu ya ena linasanduka lamulo la khumi ndi chimodzi la Mose, moti mpaka lero mayi amatha kubwezedwa pakhomo la tchalitchi. Komatu wobweza mnzakeyo mwina amakongoza ndalama za katapila. Mwina wantchito wake wapakhomo sanalandire malipiro miyezi ingapo. Mwina ndi yemwe anatsogolera abale kukalanda malata ndi mipando kwa mlamu wake wamasiye, chinthu chomwe ngakhale lamulo la dziko la 2011 lokhudza chuma cha masiye limachitcha mlandu. Zoterezi sizifika pabwalo la mpingo, chifukwa siziwoneka ndi maso Lamulungu m'mawa. Pa Mateyu 23 Yesu anadzudzula anthu opereka chakhumi cha timasamba tokometsera ndiwo kwinaku atataya chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika. Chakhumicho sanachiletse. Anakwiya ndi mtima wosankha malamulo osavuta kuwasunga ndi kuwaonetsa.

Ndiye pali nyani winayo, amene pofika pano akugwedeza mutu movomereza. Iyeyu anachoka ku mpingo wa makolo ake, akuti kunali malamulo okhaokha, tsopano ali pansi pa chisomo. Koma mvereni akamayeza anzake: uyu salankhula malilime, uyu sanagonepo kuphiri, uyu sanafese mbewu kwa mtumiki wa Mulungu, awa ndi akhristu ozizira. Wasintha muyezo wokha, mtima woyeza anzake ndi womwe uja. Ngakhale wowerenga amene nkhani yonseyi yamukumbutsa amayi Uje kapena abambo Uje a kumpingo kwawo, osati iye mwini, waimirira kale pamalo a Mfarisi, akuthokoza Mulungu kuti iye si Mfarisi.

Ena adzati mwambiwu ukutseka pakamwa aliyense, poti aliyense ali ndi chikundu chake. Ayi, mwambi ukuletsa kuseka, sukuletsa kudzudzula. Paulo anadzudzula Petro maso ndi maso ku Antiokeya Petroyo atasiya kudya pamodzi ndi akhristu osadulidwa a mitundu ina. Ndipo Mateyu 18 anaika ndondomeko yake poyera: uyambe wapita wekha kwa wolakwayo, zikakanika utenge mmodzi kapena awiri, mpingo wonse umve pomalizira. M'mipingo yambiri ndondomekoyi tinaitembenuza. Nkhani imayamba yazungulira kumlaga, kwa amayi, kwa achinyamata ndi pagulu la WhatsApp la mpingo, mwini nkhaniyo asanagogoderedwe pakhomo ndi mkulu wa mpingo ndi mmodzi yemwe.